Kupeza source ya pulogalamu pa Debian: nkhokwe ndi yodzaza, koma mayina amasocheretsa

Munthu akaika Debian, mtundu wina wa Linux, pa kompyuta amakhala walandira lonjezo limene ogulitsa mapulogalamu ambiri sangayerekeze n'komwe kupereka: chilichonse cha m'gawo la main, gawo lalikulu la nkhokwe ya mapulogalamu a Debian, chili ndi source code yake (khodi yolembedwa ndi anthu, imene pulogalamu imachokerako) m'nkhokwe yomweyo, ndipo aliyense angathe kuitsitsa, kuiwerenga, kuisintha ndi kuimanganso. Lonjezoli a Debian amalisunga ndithu. Kaya muli pa Debian 12, yotchedwa bookworm, yomwe inatuluka mu June 2023, kaya pa Debian 13, trixie, ya mu August 2025, source ya phukusi la m'gawo la main simudzaisowa. Vuto lili pena. Pakati pa pulogalamu imene mukuiona pa terminal ndi source yake pali mayina atatu, mwina anayi, ndipo mayinawo safanana. Omanga maphukusi anachita zimenezi pa zifukwa zomveka, koma amene amatuluka nazo thukuta ndi uja wangofika kumene, amene akungofuna kuona mzere umodzi wa khodi womwe ukumugwetsera seva.

Tengani dig, kapulogalamu kofunsira mayina a pa intaneti. Dzina loyamba ndi la fayilo, /usr/bin/dig. Mukalemba `dpkg -S /usr/bin/dig` mumalandira dzina lachiwiri, bind9-dnsutils, lomwe ndi phukusi la binary, kutanthauza lomangidwa kale, lija munaika ndi apt, chida choikira maphukusi. Mukalembanso `dpkg -s bind9-dnsutils` mupeza mzere woyamba ndi mawu oti Source, ndipo pamenepo palembedwa bind9. Limeneli ndi dzina lachitatu, ndipo ndi limene muyenera kuligwira pofufuza. Source imodzi imabala ana ambiri. Ya openssh imabala openssh-client ndi openssh-server, ya glibc imabala libc6, ya openssl imabala libssl3, ndipo xxd, imene ambiri amaiyesa pulogalamu yoima payokha, imachokera m'mimba mwa vim. Kugawa kotereku n'kwabwino kwa wogwiritsa ntchito, chifukwa wofuna dig yekha sakakamizidwa kuika seva yonse ya DNS. Koma nkhokwe ya Debian pa intaneti inasanjidwa potsatira mayina a source. Mukapita pa mirror, seva yosunga kope la nkhokweyo, kukafuna libc6 pansi pa chilembo l mubwerako chimanjamanja, chifukwa ili mu pool/main/g/glibc. Ndipo source imene dzina lake limayamba ndi lib imasanjidwa ndi zilembo zinayi, monga pool/main/libp/libpng1.6.

Pali kachizolowezi kamodzi ka dpkg komwe sitikakonda. Dzina la source likafanana ndi la binary, mzere wa Source suoneka n'komwe. Wodziwa amamvetsa kuti kusowako kukutanthauza kuti mayina ndi amodzi. Wosadziwa amaganiza kuti source kulibe. Apa Fedora inachita bwino kuposa Debian: `rpm -qi` imalemba mzere wa Source RPM nthawi zonse, dzina ndi version yake yomwe, zifanane kaya zisafanane.

Ngakhale sitepe yoyamba ija ya `dpkg -S` ili ndi maenje awiri. Pa bookworm, lembani `which ls` ndipo ikuuzani /usr/bin/ls. Perekani dzina limenelo kwa `dpkg -S` ndipo ikuyankhani kuti palibe phukusi lili ndi fayilo yotero. Chifukwa chake n'chakuti /bin inasandutsidwa symlink, ndiye kuti cholozera chabe, yoloza ku /usr/bin, pamene m'kaundula wa dpkg phukusi la coreutils linalembetsabe /bin/ls. Funsani /bin/ls ndipo yankho libwera. Pa trixie mafayilowo anawasamutsira ku /usr m'maphukusi momwemo, ndiye zinthu zatembenuka: /usr/bin/ls ndi imene imayankha. Njira yosavuta ndi kuchotsa chiyambi, kulemba `dpkg -S bin/ls`, n'kusankha pa mayankho ochepa amene abwere. Dzenje lachiwiri ndi la alternatives. Mafayilo monga /usr/bin/editor, /usr/bin/java ndi /usr/bin/vim si a phukusi lililonse. Ndi ma symlink opangidwa pa nthawi yoika, odutsira ku /etc/alternatives. Yambani mwalemba `readlink -f /usr/bin/vim`, muona kuti pulogalamu yeniyeni ndi /usr/bin/vim.basic kapena inzake, kenako mufunse dpkg za imeneyo.

Dzina likapezeka, lamulo lotsitsira ndi `apt source bind9`. Limafuna zinthu ziwiri. Choyamba ndi mizere ya deb-src, youza apt kumene ikatenge source. Debian yoikidwa ndi installer yake nthawi zambiri imakhala nayo kale mu /etc/apt/sources.list, koma Debian ya mu Docker ilibe, ndipo Ubuntu imabwera itaitseka. Ikasowa, apt imakana n'kunena kuti muike ma URI a deb-src. Pa kalembedwe kakale mumakopera mzere uliwonse woyamba ndi deb n'kusintha chiyambi chake kukhala deb-src. Pa kalembedwe katsopano, ka mafayilo othera ndi .sources monga ubuntu.sources ya Ubuntu 24.04 kapena debian.sources, mumasintha mzere wa `Types: deb` kukhala `Types: deb deb-src`. Mukatero musaiwale `apt update`. Kaundula wa source wa gawo la main ndi wa ma MB pafupifupi 10, zomwe wogula bandulo ayenera kudziwa, ndipo angathe kutsekanso mizereyo akamaliza. Chachiwiri ndi phukusi la dpkg-dev, popeza mkati mwake muli dpkg-source yomasulira zimene mwatsitsa. Popanda iyo mafayilo afika koma akhala omangamanga.

Musagwiritse sudo, lamulo lokupatsani mphamvu za root, pa `apt source`. Lamuloli limatsitsira mu foda imene mulimo, ndipo mukalilemba ngati root mafayilo onse akhala a root, apt n'kukudandaulirani kuti wogwiritsa ntchito wake wotchedwa _apt walephera kulembamo. Mukaonanso chenjezo loti siginecha ya fayilo ya .dsc sinatsimikizike, musathamange magazi. Nthawi zambiri ndi chifukwa choti mulibe debian-keyring, ndipo apt inakhala itafananiza kale mafayilowo ndi kaundula wosainidwa wa nkhokwe.

Zimene zimafikazo n'zoyamikirika, ndipo apa ndi pamene ntchito ya Debian imaonekera kukongola kwake. Phukusi la mtundu wa 3.0 quilt, womwe ndi wofala kwambiri masiku ano, limabwera ndi mafayilo atatu: .dsc yofotokoza phukusilo, .orig.tar yomwe ndi khodi monga inachokera kwa eni ake, ndi .debian.tar.xz yokhala ndi zonse zimene a Debian anawonjezera. Za eni ake paokha, za Debian paokha. Mu foda yomasulidwayo lowani mu debian/patches n'kutsegula fayilo ya series, mupeza mndandanda wa zigamba zonse motsatana ndi mmene zimamatidwira, ndipo zigamba zambiri zili ndi mutu wonena amene analemba, chifukwa chake, ndiponso ngati eni pulogalamuyo anazilandira. Dziwani kuti dpkg-source imamata zigambazo pomasula, choncho khodi imene mukuwerenga ndi ya Debian kale. Wofuna ya eni ake yosakhudzidwa amasule .orig.tar padera. Fayilo ya debian/rules imasonyeza mmene anamangira, ndi mbali ziti anayatsa ndi ziti anazimitsa, ndipo kawirikawiri yankho la funso loti "bwanji pulogalamuyi ikuchita mosiyana ndi buku lake" limakhala mmenemo, osati mu khodi. Kumanganso ndi malamulo awiri, `apt build-dep` wobweretsa zida zofunika ndi `dpkg-buildpackage -us -uc -b` womanga.

Tsopano maphukusi opanda kanthu mkati, amene amataitsa anthu nthawi kuposa china chilichonse. Lembani `apt source python3` ndipo apt ikuuzani, pa kamzere kamodzi kosavuta kukadumpha, kuti yasankha python3-defaults. Mutsitsa kanthu kakang'ono, mulowamo, ndipo Python mulibemo. Phukusili ntchito yake ndi kungoloza Python imene Debian imeneyo yasankha. Yeniyeni ili mu source ya python3.11 pa bookworm ndi python3.13 pa trixie. Chimodzimodzi gcc imakufikitsani ku gcc-defaults, pamene khodi ili mu gcc-12 kapena gcc-14, ndipo default-jdk imakufikitsani ku java-common osati ku OpenJDK. Mankhwala ake ndi omwe aja, `readlink -f` kenako `dpkg -S`.

Kernel ndiye imanyanya. Pofuna kuti Secure Boot izigwira ntchito, kernel imene imaikidwa pa kompyuta za amd64 ndi yosainidwa, ndipo source imene yalembedwa pa phukusi lake ndi linux-signed-amd64. Mmenemo muli masiginecha ndi malangizo owamatira basi, mulibe khodi ya kernel. Khodi ili mu source yotchedwa linux, ndipo chokulozerani kumeneko ndi mzere wa Built-Using, umene anthu ochepa amauwerenga. Kuonjezera apo, nambala imene `uname -r` imapereka pa bookworm, monga 6.1.0-18-amd64, si version ya source ayi. Ndi nambala yosonyeza ma module amene angagwirizane ndi kernel imeneyo. Version yeniyeni, yomwe pa chitsanzochi ndi 6.1.76-1, imapezeka ndi `uname -v`. GRUB yosainidwa ilinso chimodzimodzi, khodi yake ili mu grub2. Sitikutsutsa kusaina; n'koyenera. Chimene chikusowa n'chakuti apt ikanamanena poyera kuti phukusi mwatsitsali ndi chikuto chabe, khodi ili uko. Musanatsitse linux, werengerani bandulo yanu: ndi ma MB oposa 100, ndipo ikamasulidwa imadya malo oposa 1 GB. Palinso phukusi la binary lotchedwa linux-source-6.1 pa bookworm, lomwe limangoika khodi yomata kale zigamba mu /usr/src, ndipo kwa wofuna kumanga kernel yakeyake limeneli ndi losavuta.

Mayina a binary amasinthanso pakati pa Debian ina ndi inzake pamene source ili chikhalire. libssl3 ya pa bookworm inakhala libssl3t64 pa trixie, chifukwa cha ntchito yokonzekera vuto la chaka cha 2038, pamene kawerengedwe kakale ka nthawi ka ma bit 32 kadzasefukira. Source yake ikadali openssl. Ichi n'chifukwa chokwanira chozolowerera kufufuza ndi dzina la source. Pa packages.debian.org ndi pa bugs.debian.org, kulemba src: kutsogolo kwa dzina, monga src:openssl, kumakupatsani banja lonse pamodzi.

Nkhani ya version ndi imene iyenera kusamalidwa kwambiri, chifukwa apa munthu amatha kuwerenga khodi yolakwika tsiku lonse osadziwa. `apt source` imatsitsa version yatsopano imene ikuiona m'nkhokwe zanu, osati imene ili pa kompyuta yanu. Ngati seva yatha miyezi isanu osailandiritsa zatsopano, khodi imene mwatsitsa ingakhale yokonzedwa kale vuto lomwe mukulisaka. Yambani mwaona version ndi `dpkg -s`, kenako muitchule: `apt source openssh=1:9.2p1-2+deb12u3`. Nambala imeneyi ili ndi zigawo zinayi. 9.2p1 ndi ya eni ake a OpenSSH, -2 ndi ya Debian, +deb12u3 ikusonyeza kukonza kwachitatu mkati mwa Debian 12, komwe kunatseka bowo lalikulu la sshd, seva ya OpenSSH, mu July 2024. Ndipo 1: wa kutsogoloyo ndi epoch, nambala imene amaika akafuna kukakamiza apt kuti ione version ina ngati yatsopano. Epoch siilembedwa pa dzina la fayilo m'nkhokwe, moti wofufuza fayilo yoyamba ndi openssh_1: sadzaipeza. Zokonza za chitetezo zimakhalanso m'nkhokwe yapadera ya security.debian.org, ndiye nayonso imafuna mzere wakewake wa deb-src. Anthu ambiri amatsegula wa main wokha, n'kumadabwa kuti chigamba chimene chinalengezedwa sichikuoneka.

Mukaona +b1 kapena +b2 kumapeto, phukusilo linangomangidwanso popanda kusintha source, mwina chifukwa library ina inasintha. Source yokhala ndi +b1 kulibe, chotsani kachidutswako. Mukaona +dfsg kapena +ds, dziwani kuti .orig.tar si yofanana ndendende ndi ya eni ake, chifukwa a Debian anachotsamo mafayilo osagwirizana ndi malamulo awo a ufulu kapena khodi ya ena yongonyamulidwa, ndipo mndandanda wa zochotsedwazo kawirikawiri uli mu debian/copyright pansi pa Files-Excluded. Palinso +really. Mu March 2024, katswiri wa mapulogalamu Andres Freund atatulukira khomo lachinsinsi mu xz 5.6.0 ndi 5.6.1, pulogalamu yopanikiza mafayilo, a Debian anabweza phukusi la xz-utils la mu unstable, gawo la Debian lofikira maphukusi atsopano, ku khodi yakale n'kulitcha 5.6.1+really5.4.5-1. Nambala yoona ndi ya kumanja kwa really. Nkhani ya xz inaonetsanso chinthu china chokhudza mutu wathuwu: kachidutswa koyambitsa chiwembucho kanali mu tarball, fayilo ya khodi yomangidwa pamodzi, imene mwini anatulutsa, koma mu git munalibe. Ndiye amene amati "ndikaona pa GitHub, n'chimodzimodzi" akudzinamiza. Chimene chinamangidwa pa kompyuta yanu ndi .orig.tar ndi zigamba za Debian, ndipo n'chimene muyenera kuwerenga.

Version yanu ikakhala kuti inachotsedwa kale pa mirror, pitani ku snapshot.debian.org. Kumeneko amasunga zimene zinadutsa m'nkhokwe kuyambira 2005, ndipo tsamba la phukusi lililonse limandandalika ma version ake onse. Lamulo la debsnap, la m'phukusi la devscripts, limatsitsa kuchokera komweko mukalipatsa dzina la source ndi version. Wofuna kulozetsa apt ku tsiku linalake lakale awonjezere check-valid-until=no pa mzerewo, apo ayi apt ikana ponena kuti kaundulayo anatha nthawi. Nthawi zina snapshot imayenda pang'onopang'ono ngati kamba, koma ntchito imene imagwira ndi yaikulu, ndipo sitikudziwa chida china cha Debian chimene chimapulumutsa osamalira maseva akale ngati chimenechi.

Kwa wongofuna kuwerenga, kutsitsa n'kosafunika. Pa sources.debian.org mumatsegula fayilo iliyonse ya source pa browser, mwa version imene mwasankha, ndipo mumangolipira ma KB a tsamba limene mwatsegulalo. Amene intaneti yake ndi ya pa foni ayambire pamenepa, makamaka pa zilombo zikuluzikulu monga linux, chromium ndi libreoffice. codesearch.debian.net imafufuza mawu mu khodi ya maphukusi onse nthawi imodzi, yabwino kwambiri posaka kumene uthenga wa vuto ukuchokera, koma imayang'ana unstable yokha, choncho nambala za mizere sizingafanane ndi za pa stable, Debian yotulutsidwa kale kuti anthu azigwiritsa ntchito. tracker.debian.org ndiye pamphambano pa zonsezi, ndipo ngakhale mutalemba dzina la binary imakutengerani ku source yake.

Salsa, nyumba ya git ya Debian yomwe inalowa m'malo mwa Alioth mu 2018, ndi imene timaipatsa mamalikisi ochepa pa nkhani yopezera source. Nthawi zambiri mukalemba `apt source`, apt imakuuzani kuti phukusili limasamalidwa mu git pa adiresi yakuti, ndipo ambiri amathamangira komweko. Koma nthambi imene mumafikirapo ndi ya ntchito yopita ku unstable, osati imene ili pa kompyuta yanu. Komanso wosamalira aliyense amasanja mwa iye yekha: ena amasunga foda ya debian yokha, ena khodi yonse zigamba zisanamatidwe, ena zitamatidwa kale. Ufulu umenewu ndi wokoma kwa osamalira maphukusi, kwa mlendo ndi nkhalango. Chida chimene chimakonza zimenezi ndi dgit ya Ian Jackson. `dgit clone openssh bookworm,-security` imakupatsani git yofanana ndendende ndi zimene zili m'nkhokwe, zigamba zitamatidwa, mosasamala kanthu kuti wosamalirayo amagwira bwanji ntchito. N'zomvetsa chisoni kuti uthenga wa apt uja sutchula dgit.

Mapulogalamu a Rust ndi Go abweretsa mutu wina. Source ya ripgrep ndi rust-ripgrep, ya bat ndi rust-bat, ndipo lamulo lake pa Debian ndi batcat; fd imaikidwa ndi dzina la fd-find, imaitanidwa ndi fdfind, source yake n'kukhala rust-fd-find. Kuposa mayinawo, mapulogalamuwa amameza ma library awo pomangidwa, ndiye source ya pulogalamuyo ndi gawo chabe la khodi imene ikuyenda. Vuto likakhala m'kafufuzidwe ka mawu ka ripgrep, mwina mukalipeza mu rust-regex kapena abale ake. Mizere ya Built-Using ndi Static-Built-Using imathandiza kutchula zomezedwazo, koma si maphukusi onse amene amailemba mokwanira.

Kunja kwa main lonjezo lija limatha, ndipo a Debian sabisa. Source ya firmware-iwlwifi ndi firmware-nonfree, koma mukaitsegula mupezamo mafayilo omangidwa kale ndi opanga zipangizo, osawerengeka ndi munthu. ttf-mscorefonts-installer ya mu contrib ndi kapulogalamu kongotsitsa zilembo kuchokera kwina. Nkhokwe za makampani zimene anthu amawonjezera pa apt nthawi zambiri sizikhala ndi deb-src n'komwe.

Poyerekeza ndi anzake, Debian ili pabwino. Fedora imanyamula zonse mu fayilo imodzi ya .src.rpm, ndipo src.fedoraproject.org inasanjidwa mofanana pa phukusi lililonse, nthambi imodzi pa Fedora iliyonse, chomwe Salsa ilibe. Koma ku Red Hat Enterprise Linux, kuyambira June 2023 source ya maphukusi inaleka kuikidwa pa git.centos.org, ndipo poyera panatsala CentOS Stream. Ubuntu ili ndi zida zonse za Debian, kuphatikizapo Launchpad yosunga ma version akale ndi lamulo la pull-lp-source, koma snap, mtundu wina wa maphukusi wosadzera mu apt, inadula njira. Kuyambira Ubuntu 22.04 phukusi la firefox ndi chikuto chongoitana snap, monga chromium-browser inachitira kuyambira 19.10, ndiye `apt source firefox` imakupatsani timafayilo tochepa topanda Firefox, ndipo snap ilibe lamulo lofanana ndi `apt source`. Pa Debian, firefox-esr ndi chromium akadali maphukusi enieni, source yawo ili pomwepo.

Kwa ophunzira, osamalira maseva ndi ofufuza za chitetezo, Debian tikuivomereza ndi mtima wonse pa nkhaniyi. Pa kompyuta yatsopano ikani dpkg-dev, devscripts, dgit ndi apt-file. Yomalizayi imayankha funso limene `dpkg -S` singathe, loti fayilo imene simunaike ili m'phukusi liti: mukatha `apt update`, lembani `apt-file search bin/dig`, tengani dzina la binary limene labwera, n'kulipereka kwa `apt-cache showsrc` kuti muone source yake, version yake ndi kukula kwa mafayilo ake musanatsitse kalikonse.